Ndege ya Kaunjika ya a Nakwenda

A Nakwenda analota masana, dzuwa lili paliwombo, atangoti apumuleko pakhonde pochokera kumunda. Analota akugula ndege.

M'mawa wa tsiku limenelo mwana wawo Elube anali atawaimbira foni kuchokera ku Joni. Anali atachira masiku asanu apitawo, mwana wamwamuna, woyamba, m'chipinda cha pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, popanda mayi wamkulu ndi mmodzi yemwe womuyang'anira. "Ama," anatero Elube, "kamchombo kayamba kulendewera. Ndikuopa ndi kugona komwe." A Nakwenda anawamva manthawo. Kwawo mchombo wa mwana wamwamuna sausiya kuti udzigwere wokha, pakuti amati ukagwera pakati pa miyendo yake, mwanayo sadzabereka. Pamafunika dzanja la munthu wamkulu lodikirira pansi pake, ndipo ukagwa amakaukwirira kuseri kwa nyumba ya kuchikazi, kuti mwana akamakula azidziwa kwawo. Koma basi ya ku Joni imayenda masiku atatu, ndipo iwo pasipoti analibe. Anangoti, "Limba mtima, mwanawe," foni n'kuduka.

Tsono m'malotomo anapezeka ali pamsika wa Nambuma, atadzera mchere.

Ndegeyo anali ataimangirira kumtengo wa m'bawa, pakati pa ogulitsa mbuzi ndi ogulitsa kaunjika. Chingwe chake chinali cha khonje, chomangidwa pagudumu lakutsogolo. Inali yoyera, yamphuno yosongoka ngati ya sakhwi, ndipo kumchira inabereka mainjini awiri onga migolo. Nkhuku zinali zitabisala dzuwa pansi pake. Mayi wina anali atayala tomato wake paphiko lakumanzere, milumilu. Anthu ankangodutsa osacheuka.

A Nakwenda anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Yagwa liti imeneyi?"

"Sinagwe, mayi. Ndi ya m'belo la lero. Tatsegula m'mawa uno, inali pansi pa majekete."

Woyankhayo anali wogulitsa wake, bambo wamtali wovala suti yopanda khwinya koma kumapazi wopanda nsapato. Pakhosi anakoleka sikelo ya mavenda ogula chimanga.

"Ndi yaing'ono, ya anthu amalonda," anapitiriza bamboyo. "Mipando isanu ndi umodzi, yachikopa. Yadutsa m'manja mwa anthu atatu, onse osamala. Takhudzani, kukhudza n'kwaulere."

"Ine ndadzera mchere, bambo."

"Mchere watha. Kwatsala ndege."

A Nakwenda anafuna kubwerera, koma miyendo inakana. Anamva pakamwa pawo pakufunsa pokha.

"Ku Joni imafika?"

"Maola awiri ndi theka."

Maola awiri ndi theka! Ndiyo nthawi imene iwo amatha popita kuchigayo n'kubwerako, ngati pamzere palibe anthu. Anatula dengu pansi n'kuyamba kuiona ndegeyo momwe amaonera bulauzi ya pakaunjika. Anaisuzumira m'khwapa. Anatsata msoko ndi chala kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Anainunkhiza. Pambali anapeza pamene panali dzina la mwini wakale, atalipaka penti koma likuonekerabe ngati chipsera.

"Apa pali dzimbiri," anatero.

"Ndi thukuta la mitambo limenelo, mayi. Limachoka ndi phulusa."

"Mmm."

"Koma lamulo lake ndi lakuti ndege yogwirapo ntchito saigula makaniko wa wogula asanaione. Mwabwera naye wanu?"

"Wanga anamwalira."

"Palibe kanthu. Aitaneni."

Sanachite kuitana. Kuseri kwa mchira kunatuluka a Gelesomu, amuna awo, amene anakonza njinga pamsika womwewo zaka makumi atatu, n'kumwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Dzanja lina ananyamula beseni, lina pampu. Anavala malaya oyera amene anawaika nawo m'manda, manja ake atawapinda mpaka m'zigongono.

A Nakwenda anangoti khu! kukhala pansi.

"Bambo a Elube! Si inu tinakuikani ife?"

"Munandiika bwino ndithu, zikomo. Tagwirani pampuyi."

"Kalanga ine! Ndiye malayawo mwawadetsa kale ndi girisi? Malaya amene ndinachita kusita kawiri?"

"Kumeneko ntchito ndi yambiri, amake Elube. Anthu akumabwera ndi zophwa zokhazokha." Anatembenukira kwa wogulitsa. "Achimwene, buku lake lili kuti?"

Wogulitsa anatulutsa buku lalikulu lachikuto chakuda, lolembedwamo maola onse amene ndegeyo inauluka ndi ponse pamene inatera. A Gelesomu ali moyo sankadziwa kuwerenga, ndipo imfa sinawaphunzitse. Analiika bukulo pakhutu, natsinzina, n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Zimene zalembedwamo ndi zoona," anatero. "Koma masamba atatu anang'ambidwa. Tiiviike."

Anafufuza kumchira mpaka anapeza valavu, yaing'ono ngati ya njinga. A Nakwenda anapopa, akulira mosatulutsa mawu, maso ali pankhongo pa amuna awo, pamene panali kachipsera kamene anali atakaiwala. Ndege inafufuma pang'onopang'ono. Tomato uja anagubuduka paphiko, mwini wake n'kumangotola osadandaula. Itakhuta, a Gelesomu anainyamula ndi manja awiri monga amanyamulira chubu, n'kuyamba kuiviika m'beseni chigawochigawo. Beseni linali lawo lomwe lija losambira, lobooka pakamwa, koma phiko lonse linalowamo osagunda pansi.

Pansi pa phiko lakumanja panatuluka thovu. Linakwera, n'kuphulika pamwamba pa madzi, ndipo munatuluka mawu a mwamuna wotopa: "Muwauze ayambe kudya, ine ndifika mawa."

"Mwini woyamba ameneyo," anatero a Gelesomu. Anapukuta pamalopo, anapala ndi kamwala, anapaka guluu, anauzira, n'kumata chigamba.

Pafupi ndi zenera panatuluka thovu lina. Awa anali mawu a mkazi, oseka: "Tsekani katani, pansipo pakuoneka anthu."

"Wachiwiri." Anamatanso.

Kabowo kachitatu kanali pamsoko penipeni, pansi pa chitseko. Thovu lake linatuluka lalitali, losaduka, ndipo pophulika silinanene kanthu. Linangousa moyo. Msika wonse unati zii, ngakhale mbuzi zinaleka kulira. A Gelesomu anamata chigamba, chinamatuka. Anamata china, chinamatukanso. Anaitula ndegeyo pansi n'kupukuta manja pamalaya.

"Aka sikamatika. Kali pamsoko. Ndegeyi idzakufikitsani, amake Elube, koma siidzakubwezani. Ulendo watsalamo ndi umodzi."

"Bambowa anena zoona," inatero ndege.

A Nakwenda analumpha, pampu n'kugwa.

"Mwaswera bwanji, mayi?" inatero ndegeyo, mawu ake otsika, aulemu, ochokera chakumphuno.

A Nakwenda anapezeka atagwada kale. Sanadziwe kuti aitchule kuti chiyani, kaya achemwali, kaya abwana.

"Ndaswera bwino, kaya inu anzathu?"

"Ndaswera, kungoti zaka. Ndauluka zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndanyamula othamangira misonkhano, opita kukadya nkhomaliro kudziko lina, ndi ena othawa zimene anachita. Ngati mukandigule, ndikupemphani chimodzi. Musandiuze kuti ndifulumire. Onsewo ankandiuza zimenezo."

"Koma inetu ndili pachangu chenicheni," anatero a Nakwenda. "Mdzukulu wanga mchombo ukulendewera."



"Choncho?" inatero ndege. "Ndiye musavutike n'kundiuza. Ndifulumira ndekha."

A Nakwenda anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo. Munali ndalama ya mchere yokha. Wogulitsa sanaiyang'ane n'komwe.

"Imeneyo sungani, mayi. Inu mukudziwa mwambo wa pamsika pano: mbuzi timagulitsa, chingwe sitigulitsa. Wogula amabwera ndi chake. Ndege nayonso chimodzimodzi. Ndikupatsani, koma pothamangira pake mubweretse nokha. Ndipatseni njira ya kwanu. Ithamangepo kamodzi, ikatero njirayo ndi yanga. Mtengo wake ndi umenewo."

"Njira? Njira amagulitsa?"

Bamboyo anapita kumapeto kwa msika, pachulu pamene pamayambira kanjira kopita kumudzi kwa a Nakwenda. Anawerama, nakagwira kunsonga, n'kuyamba kukoka ngati akusenda luzi. Njira inabwera. Inabwera ndi makhotakhota ake onse, ndi chipika chowolokera pamtsinje, ndi mthunzi wa mtengo wa masuku pamene anthu amatulirapo katundu. Kumene inachoka udzu unkatsekana nthawi yomweyo, ngati sipanapondepo munthu chilengedwere dziko.

Anaipinda, naikoleka pasikelo. Muvi wa sikelo unazungulira mpaka kumapeto.

"Yolemera," anatero. "Mwayendapo zedi."

Kenaka anaiyala pabwalo, naiwongola ndi phazi. Apo m'pamene a Nakwenda anaona mapazi. Onse anali pomwepo, osafufutika. Anaona awo a pautsikana, opepuka. Anaona ena ozama, a chaka chimene anali ndi pathupi pa Elube. Anaona timapazi ta Elube topita kusukulu, tokhotera patchire pomwe pali masuku. Panalinso mzera wa tayala la njinga, wopita m'mawa uliwonse n'kubwerera madzulo, ndipo chakumapeto mapazi a amuna asanu ndi mmodzi oyenda pang'onopang'ono, atasenza bokosi.



A Gelesomu anaima pambali pawo, pafupi koma osawakhudza.

"Ganizani bwino, amake Elube. Kufika mukafika. Mchombo mukaulandira. Nanga mudzapita nawo kuti, njira mwagulitsa?"

"Nanga inu mukanatani?"

"Ine ntchito yanga n'kunena pamene pabooka. Kugula n'kwa mwini."

A Nakwenda anayang'ana mapazi aja kanthawi. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Zimenezo ndikaziona komweko. Mwana akuopa kugona."

Wogulitsa anamasula chingwe chake pagudumu, nachikulunga, n'kuchiika m'thumba la suti. Chitseko cha ndege chinatseguka chokha, masitepe n'kutsika. A Nakwenda anavula patapata, nalowa mowerama ngati akulowa m'khola la mbuzi, pakuti denga linali lalifupi. Mkatimo munkanunkha chikopa ndi mafuta onunkhira a anthu osawadziwa. Anaiyang'ana mipando ija, yofewa, yoyera ngati mkaka, ndipo anakhala pansi pakati pake n'kutambalala.

"Khalani pampando, mayi," inatero ndege. "Ndi yanu."

"Pompano pali bwino. Ndachokera kumunda." Anasuzumira kutsogolo, naona mipando iwiri yopanda munthu. "Aa! Nanga woyendetsa?"

"Njira ya ku Joni ndikuidziwa. Chondivuta ndi poyambira pokha."

A Nakwenda anatulutsa mutu pachitseko.

"Bambo a Elube, tiyeni, malo alipo. Mukaone mdzukulu."

"Ine malire anga ndi pano. Ndingokukankhani."

Anapita kumbuyo, nagwira mchira momwe ankagwirira kaliyala pophunzitsa Elube kupalasa njinga. Anayamba kukankha. Ndege inagwedezeka, inayenda, inathamanga panjira ija, ikudutsa pamapazi onse aja, ndipo a Nakwenda ankamva amuna awo akuthamanga kumbuyo, wefuwefu, akufuula kuti, "Yang'anani kutsogolo! Mukacheuka mugwa!" Mainjini analira. Pansi panachoka.

Anacheuka ndithu. Pazenera anaona a Gelesomu ataima pakati pa bwalo, aang'ono ngati nyerere, dzanja lili m'mwamba momwe anasiyira mchira. Pambali pawo wogulitsa anali akupinda njira.

M'mwambamo munali zii. Minda inkaoneka ngati zigamba za pabuluku. Mpweya unkatuluka pakabowo kaja, fiii, ndipo a Nakwenda anakatseka ndi chidendene. Sikanatsekeke konse, koma kanachepako.

Pakati pa mitambo anapeza chipata, mtengo wopingasa wopakidwa zofiira ndi zoyera, ndi msilikali atakhala pampando. Ndege inaima. Msilikaliyo anagogoda pazenera.

"Pasipoti, mayi."



"Ndilibe, bambo."

"Ulendo wa kuti?"

"Kuchikuta."

Msilikali anabwerera m'mbuyo msangamsanga, navula chipewa, nayang'ana kumbali mwamanyazi.

"Pepani, sindinadziwe. Zimenezo ife amuna sitilowererapo." Anakweza mtengo uja.

Atadutsa pamenepo ndege inayamba kuphwa. Mipando inafota umodziumodzi ngati masamba a maungu padzuwa. Denga linatsika mpaka linakhudza duku. Makoma anayandikira m'mapewa.

"Tifika?" anafunsa a Nakwenda.

"Chotsani chidendene, mayi. Mpweya wotsalawu ndiugwiritse ntchito."

Anachotsa. Ndege inaliyatsa liwiro lomaliza, inatsika pakati pa nyumba zazitali kuposa mapiri a kwawo, n'kukaima pazenera lina la pamwamba. Chitseko chinatsegukira m'chipinda momwemo. A Nakwenda anakwawa, nalowa. Pocheuka anaona ndege yawo itaphweratu, italendewera pazenera ngati chubu chakale.

"Ndafikitsa munthu amene amamudikira," inatero ndi mawu otsala pang'ono. "Zikomo pondigula." Inatsetsereka, n'kuzimirira pansi.

M'chipindamo munali dzuwa la masana. Elube anali atagona chokhala, mutu atatsamiritsa kukhoma, pakamwa pali yasa. Anali ataonda m'khosi. Dzanja limene ankadikira nalo linali litagwera pambali, chikhatho chili m'mwamba. Pabedi, pachitenje chimene a Nakwenda anamupatsa popita, panali mwana, maso ali gwa, akupalasa timiyendo. Kamchombo kanali kakuda, kouma, kakulendewera pakaulusi kamodzi, ndipo mwanayo akapalasa kankagwedera.

A Nakwenda sanapereke moni. Anagwada, nalowetsa dzanja lamanja pansi pake.

Mwana anayetsemula. Kamchombo kanagwera m'chikhatho, kopepuka ngati khobwe wouma. A Nakwenda anafumbata.

Elube anadzidzimuka.

"Ama! Mwadzera pati?"

"Pazenera. Ndagula ndege."

"Inu? Ndege?"

"Ya pakaunjika. Bambo ako anaiona, akuti inali yobooka patatu."

Elube anayang'ana pamimba pa mwana, nayang'ana chibakera cha mayi ake. Mapewa ake anatsika. Analira pang'ono, mwakachetechete, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Ndiye mukaukwirira kunyumba, ama? Kuseri kuja?"

"Eya, kuseri kuja."

Atanena zimenezo anapita pazenera. Pansi panalibe dothi ndi pang'ono pomwe, koma madenga ndi misewu, yonse yopita kwina. Anayesa kukumbukira. Ukachoka pamsika, umafika pachulu, ndiye kenaka? Kenaka panalibe kanthu. Anayesanso. Pachulu, ndiye udzu. Nyumba yawo ankaiona bwinobwino m'mutu, chitseko chake, nthochi za kuseri, koma inali ngati chilumba, yopanda polowera.

"Elube, mwanawe, ndalakwa. Njira ya kwathu ndagulitsa."

"Yonse?"

"Ndi chipika chomwe."

Elube analankhula mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati akuuza mlendo.

"Yatsala imodzi, ama. Inu muli m'tulo. Dzukani, mupezeka muli kwanu."

"Ndikadzuka ndikusiyani."

"Mutisiya, inde."

"Nanga ichi? Za m'tulo siziwoloka, mwanawe. Ndi kangati ndadzuka m'manja muli mbee?"

"Fumbatani zolimba. Ndipo musayang'ane. Mukayang'ana kuti muone ngati chilipo, ndiye kuti mulibe."

"Ndimunyamuleko kaye mwanayu. Ndabwera ulendo wonsewu."

"Ndi dzanja liti, ama?"

A Nakwenda anayang'ana chibakera chawo. Anayang'ana mwana. Anagwadanso, nawerama, n'kuika mphuno paliwombo la mdzukulu wawo, pamene pankagunda pang'onopang'ono. Anakoka fungo lake mpaka m'chifuwa munadzaza.

"Iwe ugone tsopano," anatero a Nakwenda kwa Elube. "Wamva? Ugone."

A Nakwenda anadzuka.

Dzuwa linali litapendeka pang'ono. Khosi linkawawa. Dzanja lamanja linali lofumbata, zikhadabo zitalowa m'chikhatho, ndipo silinkamva kanthu chifukwa cha dzanzi. Mlamu wawo, a Nasoko, anali ataima pabwalo ndi ndowa pamutu, akuwayang'ana modabwa.

"Alamu, mwatani? Mumalira m'tulo. Nanga mwafumbata chiyani?"

A Nakwenda anaimirira, natenga khasu ndi dzanja lamanzere, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. A Nasoko anatula ndowa n'kuwatsatira. Kukumba ndi dzanja limodzi kunavuta, khasu linkaterereka, koma a Nasoko atati athandize anawakaniza ndi mutu. Pafupi ndi nthochi anakumba kadzenje kofika m'chigongono. Anagwada, nalowetsa chibakera mpaka pansi. Ndi dzanja lamanzere anakokera dothi, nakwirira mkono wawo womwe, n'kutsendera. Kenaka anayang'ana kumwamba, natambasula zala pansi pa dothipo, chimodzichimodzi, n'kusolola dzanja pang'onopang'ono.

"Munali chiyani m'dzanjamo?" anafunsa a Nasoko monong'ona.

"Sindinaone," anatero a Nakwenda, akusalaza dothi ndi chikhatho. "Koma muwauze ana asamakumbepo. Pano ndi kwawo kwa munthu."